Kodi kuwotcha chotupa ndi mapulotoni kumasiyana bwanji ndi radiyeshoni wamba?

NaBanda, Manchester:
Mdzukulu wanga wa zaka 6 anamuchita opaleshoni mwezi watha yochotsa chotupa cha khansa chakumbuyo kwa ubongo, chimene madokotala akuti ndi medulloblastoma. Tsopano akuti awotche ubongo ndi msana wonse ndi mapulotoni ku chipatala cha The Christie, kuno ku Manchester. Madokotala anawafotokozera zonse mayi a mwanayu, koma mutu unali utaima moti sanagwirepo zambiri. Ine mantha anga ndi akuti mwina njirayi ndi yatsopano ndipo akuyesera pa mwanayu. Odziwa ndithandizeni.

A Phiri, Leeds:
Pepani kwambiri, agogo. Ndimagwira ntchito m'chipinda cha radiyeshoni, mmene timawotchera khansa ndi cheza champhamvu, ndipo ndikukutsimikizirani kuti njirayi si yoyesera. Wasayansi wina wa ku America, Robert Wilson, anaiganizira mu 1946, odwala oyamba analandira chithandizochi ku Berkeley, ku America komweko, mu 1954, ndipo The Christie inayamba kuchipereka mu 2018.

Kusiyana kwake kuli pa mmene cheza chimayendera m'thupi. Cheza cha X-ray chimalowa, n'kudutsa pamene pali nthenda, n'kutulukira mbali ina, kotero kuti chimakhudzanso ziwalo zabwinobwino zimene zili kutsogoloko. Mapulotoni ndi tizidutswa ta atomu timene makina amatithamangitsa kwambiri, ndipo timatulutsa mphamvu zake zambiri pamalo pamene taima. Madokotala amasankha kuti tikaime mozama bwanji. Choncho akamawotcha msana kuchokera kumbuyo, mtima, mapapo ndi matumbo zimalandira cheza chochepa zedi. Kwa mwana amene thupi lake likukulabe zimenezi n'zofunika, chifukwa mavuto ena a radiyeshoni amadzaonekera patapita zaka 20 kapena 30.

Komabe musaganize kuti mapulotoni amapha khansa mwamphamvu kuposa X-ray. Pa nkhani yochiritsa, njira ziwirizi zimafanana ndithu. Phindu lake lagona pa kuteteza ziwalo zozungulira.

Mayi a Chisomo:
Mwana wanga anadutsa njira yomweyi ali ndi zaka 4. Asanayambe, anamuumbira chigoba cha pulasitiki chogwirizana ndi nkhope yake, chimene ankachimangirira pabedi kuti mutu usasunthe ngakhale pang'ono. Popeza anali wamng'ono, ankamugoneka ndi mankhwala tsiku lililonse, Lolemba mpaka Lachisanu, kwa masabata pafupifupi 6. Chimene chinandisautsa kwambiri chinali kumumana phala m'mawa uliwonse, iye akulira ndi njala, chifukwa saloledwa kudya asanamugoneke. Cheza chenichenicho sichipweteka, koma tsitsi linathothoka, khungu lapamsana linada ngati lopsa ndi dzuwa, ndipo ankatopa msanga. Wanuyo ndi wokulirapo, mwina atha kugona phee popanda mankhwala. Mukawafunse anamwino kuti amuonetse chipindacho ndi chigobacho tsiku loyamba lisanafike.

A Phiri, Leeds:
Ndiwonjezere pa zimene mayiwa anena. Pa matendawa ubongo wonse umayenera kulandira cheza, choncho mapulotoni sangauteteze kotheratu, ndipo mwanayo adzafunika kumamuyeza makutu, kakulidwe ndi mmene akuchitira kusukulu kwa zaka zambiri.

NaBanda, Manchester:
Zikomo nonse, mtima watsika pang'ono. Lachinayi ndipita nawo limodzi mayi ake, ndipo mafunso a makutu ndi kugonekedwa ndawalemba kale papepala kuti tisakaiwale.