Mfuti ya agogo yolembedwa NOT FOR BALL: kodi ingaombedwe?

Akuluakulu a pa gulu, ndithandizeni nzeru. Agogo athu aamuna anamwalira kumudzi ku Chadiza, ndipo posesa m'nyumba mwawo tinapeza mfuti ya mipope iwiri yokulungidwa m'saka. Si gogodera ayi, ndi yothyola pakati n'kulowetsa zipolopolo kumbuyo, ndipo ili ndi tinyundo tiwiri totcherera ndi chala. Dzina la wopanga linafufutika. Nditachotsa kamtengo ka pansi pa mipope ndinaona 12, kachisoti kachifumu pamwamba pa timitengo tiwiri topingasa, ndi mawu akuti NOT FOR BALL. Chitsulo chake chili ndi mizere yozungulira ngati chingwe chopota.

Amalume akufuna kugula zipolopolo ku Chipata kuti azithamangitsira anyani ndi nguluwe kumunda. Mng'ono wanga, yemwe anasewerako paintball (masewera owomberana ndi timipira ta utoto) kamodzi ku Lusaka n'kudziyesa katswiri, akuti m'kati mwa mpope ndi mosalala ngati ya masewerayo, ndiye palibe choopsa. Ine mtima sukundilola. Kodi ndi ya liti, nanga ingaombedwe?

Mayankho

Mkulu wa ku Katete: Mwana wanga, auze amalume ako asayerekeze. Timitengo topingasato ndi chidindo cha Birmingham ku England, kumene kuli nyumba yoyesera mfuti kuyambira 1813. Mawu a NOT FOR BALL ankadindidwa kuyambira 1875 mpaka 1887, kuchenjeza kuti kukamwa kwa mpope n'kopanikiza, osalowetsa chipolopolo chimodzi chachikulu. Ndiye kuti mfutiyo ndi yakale kuposa boma la Fort Jameson (dzina lakale la Chipata). Mizere ukunenayo ndi Damascus: ankapota timizere ta chitsulo chofewa ndi cholimba, n'kukulunga pa ndodo, n'kusula zili za moto mpaka zigwirane. N'kokongola, eya, koma dzimbiri limalowa m'misoko mosaoneka. Anaiyesa ndi wonga wakuda. Wonga wa lero ndi wina, ndipo mpope ukaphulika umaphulikira pamene pali dzanja lamanzere.

Mayi wa ku Petauke: Onjezanipo kuti mfuti zambiri zakale za ku England zimalandira chipolopolo chotalika 65mm, pamene zofala m'masitolo lero ndi 70mm. Cha 70mm chimalowa bwinobwino m'mfuti ya 65mm n'kutseka ngakhale si chake, ndiye msamphawo.

Wofunsa: Zikomo amayi. Nanga za paintball zija?

Mnyamata wa ku Chipata: Achimwene, mng'ono wanuyo walondola theka. Zonse ziwiri ndi zosalala m'kati, zilibe mizere yozungulitsa chipolopolo ngati raifo. Koma mpope wa paintball nthawi zambiri ndi wa aluminiyamu, umangowongolera kampira ka utoto kokankhidwa ndi mpweya. Mulibe moto. Timabowo ta kumapeto kwake n'tochepetsa phokoso. Kufanizira ziwirizo ndi ngati kufanizira pampu ya njinga ndi injini ya thirakitala.

Mkulu wa ku Katete: Ndinaiwala chachikulu. Laisensi ya agogo siisamukira kwa mdzukulu ngati khasu. Funafuna buku lawo la mfuti m'masutikesi, upite nalo kupolisi pamodzi ndi kalata ya imfa, ukafunse kaye usananyamule mfutiyo pa minibasi.

Wofunsa: Bukulo talipeza m'chikwama cha makadi a feteleza. Lolemba ndipita kupolisi. Amalume akwiya, akuti anyani sadikira mapepala, koma mfutiyo ndaitsekera kwa azakhali ndipo kiyi ali ndi ine.