Kodi magazi angaonetse khansa ya m'mimba isanakule?

Abale ndi alongo, ndithandizeni nzeru. Bambo anga, azaka 63, amakhala ku Thondwe ndipo m'mimba mwawavuta miyezi inayi tsopano. Akangodya mbamu ziwiri za nsima akuti akhuta, ndipo thupi latha, lamba akuchita kuboola mabowo ena. Mankhwala a zilonda zam'mimba amwa, osasintha. Chomwe chikundisowetsa tulo n'chakuti achimwene awo anamwalira ndi khansa ya m'mimba, itadziwika mochedwa.

Ndinawerenga kuti ku Japan amayeza magazi kuti aone pepsinogen (chinthu chomwe chifu chimatulutsa) komanso kachirombo ka H. pylori, komwe kamayambitsa khansa imeneyi mwa ambiri amene amaidwala. Kuyezako kumangosonyeza amene ali pachiopsezo. Za CEA ndi CA 19-9, zizindikiro za khansa zomwe amayeza m'magazi, akuti nthawi zambiri siziigwira ikadali yaing'ono, chotsimikiza ndi endoscopy, kachubu ka kamera kodzera kukhosi. Kachubuko ndiye bambo akukana, akuti kawatsamwitsa.

Kodi ku Zomba Central amayeza H. pylori? Nanga endoscopy amapanga konkuno, kapena tipite ku Queens ku Blantyre? Amene munalowetsedwapo kachubuka, zimapweteka bwanji? Ndikufuna ndikawawerengere mawu anu enieni, mwina angavomere.