Fiber ya boma ija ingafike bwanji pa shopu yanga ku Salima?

Abale ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kashopu ka fotokope ndi kuprinta pa Kamuzu Road kuno ku Salima, makasitomala ambiri ndi ana asukulu odzaona zotsatira za mayeso ndi ofunsira ntchito pa intaneti, koma ine ndimangodalira ma bundle a pa foni, ikakwana 4 koloko netiweki imakwawa ngati kamba mpaka munthu amatopa kudikira n'kupita, ndalama yapita pompo.

Ndimamva pa wailesi kuti boma lidayala fiber, mawaya aja a intaneti yothamanga, kudzera ku ESCOM, komanso kuti MACRA, bungwe loyang'anira za matelefoni, mawailesi ndi intaneti, ili ndi thumba lija la Universal Service Fund lofikitsira intaneti kumadera akumidzi. Nanga ife a mabizinesi ang'onoang'ono timalowa pakhomo liti? Kapena fiber yo imangothera m'maofesi a boma basi?

Mlamu wanga wa ku Senga Bay akuti ndingogula Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, poti idaloledwa kale m'dziko muno, koma zida zake zokha eeh, thumba langa silingakwanitse. Amene mwalumikizidwa fiber kuno kapena ku Nkhotakota, mudayambira kuti ndipo pamwezi mukulipira zingati?