Kodi kuyamika kwa pa Khirisimasi kumatikulitsa mu uzimu?

Wachinyamata wa ku Kasungu:

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupempha nzeru pa nkhani imene yakhala ikundisautsa. Chaka chilichonse, usiku wa pa 31 Disembala, mipingo yambiri imachezera kupemphera, anthu amaimirira mmodzimmodzi kuchitira umboni kuti Mulungu wawasunga, ndipo ine ndimayamika nawo ndi mtima wonse. Koma Januwale akangofika pakati, pamene sukulu zatsegulidwa, fizi ikufunika, feteleza wachiwiri sanagulidwe ndipo ufa wayamba kuchepa m'nyumba, pakamwa pomwe paja pamatuluka madandaulo okhaokha. Kodi kuyamika kotereku n'koona, kapena ndi chisangalalo cha mpunga ndi nkhuku chabe? Nanga munthu angadziwe bwanji kuti wakula mu uzimu kuchokera pa Khirisimasi yapita kufika pa ya chaka chino?

Mkulu wa mpingo wa CCAP, Dedza:

Mwana wanga, mwafunsa bwino, ndipo musadziweruze msanga. Kumbukirani kuti kwathu kuno Khirisimasi imafika pamene chimanga chikadali chaching'ono m'munda, nkhokwe zambiri zili pafupi kutha, ndipo miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale ili pakhomo. Chikondwerero chathu chenicheni cha zokolola ndi masika, pamene Akhristu amabweretsa ku tchalitchi chimanga, mtedza, nyemba ngakhale mbuzi atatha kukolola. Choncho pa chaka timayesedwa kawiri, ndipo Malemba amanena za mayesero onse awiriwo. Pa Deuteronomo 8:10-14, Mose akuchenjeza Aisraele kuti akadzadya n'kukhuta, akadzamanga nyumba zabwino ndipo ziweto zikadzachuluka, asadzaiwale Mulungu amene anawatulutsa ku Igupto. Pa Habakuku 3:17-18, mneneri akunena kuti ngakhale mkuyu usaphuke, minda isabale ndipo m'khola musakhale ng'ombe, iye adzakondwerabe mwa Yehova.

Kwa ine, yeso la wokhuta ndilo loopsa kwambiri, chifukwa wanjala amapemphera ngakhale asanauzidwe, pamene wokhuta amaiwala mosazindikira. Ngati m'Januwale mukudandaula koma madandaulowo mukupita nawo kwa Mulungu, simunabwerere m'mbuyo ayi.

Mayi wa Mvano, Blantyre:

Ndikugwirizana ndi a mkulu a mpingo, koma ndiwonjezepo mbali imene amayi timaiona tikamayendera odwala ndi okalamba. Pa Nehemiya 8:10, anthu atamva Chilamulo chikuwerengedwa n'kuyamba kulira, anauzidwa kuti apite akadye zonona, akamwe zotsekemera, komanso akatumize chakudya kwa amene sanakonzeretu kanthu. Kudya bwino pa tsiku la chikondwerero si tchimo, koma lamulo lakudyalo linabwera pamodzi ndi lamulo logawira ena, ndipo ife timakonda kumva loyamba lokha.

Khirisimasi ya 2023 inatiphunzitsa zambiri kuno kummwera. M'mwezi wa Malichi chaka chimenecho namondwe wa Freddy anagumula nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena, ndipo mu Novembala kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, kotero kuti mitengo ya shuga, mafuta ophikira ndi sopo inakwera chikondwerero chili pafupi. Mabanja ambiri analowa m'nyengoyo ali ndi manda atsopano. Munthu wotere simungamuuze kuti angoimba nyimbo zachimwemwe, chifukwa ngakhale m'buku la Masalimo muli nyimbo zambiri zamaliro ndi zodandaula. Zimene ndinaona ndi zakuti ena amene anataya pafupifupi zonse ndiwo ankagawana kambale ka ufa ndi anzawo mosawerengera. Achimwene, mukafuna kudziyesa, dzifunseni kuti ndani anadya kunyumba kwanu chaka chino amene sangathe kukuitanani kwawo.

Bambo wa Katolika, Lilongwe:

Mu Mpingo wa Katolika, Khirisimasi siyamba pa 25 Disembala mwadzidzidzi, popeza timakhala ndi masabata a Adiventi, Malamulungu anayi okonzekera mtima, ndipo nyengo ya Khirisimasi imapitirira mpaka pa chaka cha Ubatizo wa Ambuye m'Januwale. Cholinga chake n'chakuti kuyamika kusakhale kwa usiku umodzi. Chimene chandithandiza ine ndi pemphero lakudziyesa la madzulo limene Ignatius Woyera wa ku Loyola anaphunzitsa m'zaka za m'ma 1500: usanagone umayamba ndi kuthokoza pa zinthu zenizeni za tsikulo, kenaka umayang'ana pamene unalakwa, n'kupempha chikhululukiro ndi mphamvu za mawa. Kuthokoza kwa chisawawa, kongoti zikomo pa zonse, sikuchedwa kuzilala, koma kutchula chinthu ndi dzina lake kumazolowetsa maso kuona. Pa Luka 17, akhate onse khumi anachiritsidwa, ndipo n'zosakayikitsa kuti onse anakondwera, koma amene anabwerera kwa Yesu anali mmodzi yekha, Msamariya. Chimwemwe anali nacho onse. Chimene chinasowa mwa asanu ndi anayiwo chinali kubwerera.

Mlongo wa ku Johannesburg:

Pepani akuluakulu, koma pali chinthu chimene sichinatchulidwe. Ife amene timabwera kumudzi pa Khirisimasi titanyamula katundu pa basi, nthawi zambiri ndife timatenga nthawi yaitali pa maumboni, kufotokoza za ntchito, galimoto ndi nyumba ya malata, pamene mayi wamasiye amene wangopulumuka chaka chonse ndi maganyu amakhala chete kumbuyo, akuganiza kuti iye alibe choti anene. Mfarisi wa pa Luka 18 naye anayamba pemphero lake ndi kuyamika, koma ankayamika kuti sali ngati anthu ena. Komanso banja limene timalikumbukira pa Khirisimasi linali losauka: pa Luka 2:24, Yosefe ndi Mariya anapereka mbalame ziwiri m'Kachisi, nsembe imene Levitiko 12:8 inaloleza kwa mayi amene sangakwanitse mwana wa nkhosa.

Mkulu wa mpingo wa CCAP, Dedza:

Mlongo, mwakhudza pamene ife atsogoleri tiyenera kukonza. Ndikapereka ganizo ku bwalo la akulu a mpingo kuti chaka chino woyendetsa mwambo ayambe waitana okalamba, amasiye ndi amene adwala nthawi yaitali, ndipo aliyense apatsidwe nthawi yofanana, kuti amene ali ndi nkhani ya galimoto asamalize usiku wonse yekha.