Ndithandizeni pa inshuwalansi ya ntchito yoyendera nyumba kuno ku Texas

Wofunsa: Moni nonse abale anga. Ndapempha ma admin kuti dzina langa lisaoneke chifukwa nkhaniyi ikukhudza kasitomala. Ndimakhala ku Dallas, ndipo chino ndi chaka chachitatu ndili pandekha pa ntchito yoyendera nyumba anthu asanagule. Kwa amene simukuidziwa: munthu akapeza nyumba imene waikonda, amakhala ndi masiku ochepa aja a option period oti aganize bwino, ndiye amandiitana ine. Ndimakwera padenga, kuona magetsi, mipope, maziko, makina oziziritsa nyumba, kenako kulemba lipoti pa fomu ya TREC, bungwe la boma la Texas limene limatipatsa laisensi. A TREC omwewo salola munthu kugwira ntchitoyi wopanda chitetezo cha madola osachepera 100,000, ndipo ambirife timatenga inshuwalansi ya zolakwika pa ntchito, imene kuno timangoti E&O.

Yanga ikutha kumapeto kwa mwezi uno. Kampani imene ndakhala nayo chiyambire yakweza mtengo, ndiye ndafunsa kwina. Ndapeza ina yotsika ndi madola pafupifupi 700 pachaka, komanso malire a ndalama zimene angalipire ndi madola 300,000 pamene yangayi ndi 100,000 basi. Ndinatsala pang'ono kusaina, koma papepala lawo pali mzere wakuti retroactive date, ndipo alembapo tsiku limene ndidzayambe nawo. Papepala la kampani yanga yakale pali tsiku limene ndinatsegula bizinesi. Kusiyana kumeneku kuli ndi kanthu?

China chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi. Masabata atatu apitawa anandiimbira mayi wina amene ndinawayendera nyumba ku Garland miyezi 14 yapitayo. Akuti pamwamba pa chitseko cha kuchipinda patuluka mng'alu, ndipo zitseko ziwiri sizikutsekeka. Anangoti ndikanawauza sakanagula. Ndabwerera ku lipoti langa, ndinalemba kuti pali timing'alu pa njerwa zakunja ndipo aitane injiniya aone maziko asanagule. Sanamuitane. Za loya sanatchule, ndipo sanaimbenso. Kodi zoterezi n'zofunika kuuza a inshuwalansi, kapena ndingodikira? Ndili ndi ana atatu, bizinesi iyi ndiye chakudya chawo.

Wa ku Arlington: Pepani achimwene. Ine za inshuwalansi sindingakuuzeni, koma musasaine kanthu sabata ino. Pagulu pano alipo odziwa, abwera.

Mayi wa ku Houston: Achimwene, ndimagwira ntchito ya inshuwalansi ya mabizinesi, ndiye mundimvere bwino. Mzere umene mwauonawo ndiye mutu wa nkhani yonse. E&O yambiri ya anthu a ntchito yanu imakhala ya claims-made. Tanthauzo lake n'lakuti imene imalipira ndi inshuwalansi imene ilipo tsiku limene dandaulo lafika, osati imene inalipo tsiku limene munayendera nyumbayo. Ndipo imalipira pokhapokha ngati ntchitoyo munaigwira pa retroactive date kapena pambuyo pake.

Ndiye taonani. Mukasamuka ndi pepala limenelo, nyumba zonse zimene mwayendera zaka zitatuzi zatsala pamtunda. Kampani yakale idzati nthawi yathu inatha. Yatsopano idzati ntchitoyo inachitika tisanayambe. Inu pakati, ndi thumba lanu. Madola 700 aja akuchokera pamenepo, sakukuchitirani chifundo.

Njira zilipo ziwiri. Mutha kuuza atsopanowo kuti alembe tsiku lanu lakale lija, iwo amati prior acts, ndipo mtengo ukwera. Kapena mugule tail ku kampani yakale, imene imakupatsani nthawi yowonjezera yoti mukanene madandaulo a ntchito zakale. Muphatikize mtengo wa zimenezi kaye, kenako muone ngati kutchipa kuja kudakalipo. Ndipo musalole ngakhale tsiku limodzi kudutsa mulibe inshuwalansi, chifukwa mpata wotere ndi umene umafafaniza tsiku lakale lija.

Za mayi a ku Garland: kanenani lero, mwa kalata kapena imelo, ku kampani imene muli nayo panopa.

Wofunsa: Zikomo kwambiri mayi. Koma mantha anga ndi akuti ndikanena, andikwezeranso mtengo pa nkhani imene mwina yafera pomwepo. Munthu sanandisumire, anangodandaula pafoni.

Mayi wa ku Houston: Mantha amenewo ndikuwamva, ndipo sindingakulonjezeni kuti mtengo sukhudzidwa. Koma werengani pepala lanu, mupeza ndime yonena za chilichonse chimene chingadzasanduke mlandu. Mukanena inshuwalansi isanathe, nkhaniyo imakhala yawo ngakhale loya atadzalemba kalata chaka chamawa. Mukakhala chete, fomu ya kampani yatsopano ikufunsani ngati mukudziwa china chilichonse chimene chingabweretse dandaulo. Mukayankha kuti ayi, ndiye mwanama pa fomu, ndipo ali ndi chifukwa chokanira kulipira. Mukayankha kuti inde, nyumba ya ku Garland aichotsa. Mbali zonse ziwiri mwatsala nokha. Komanso musawalonjeze mayiwo kanthu, musabweze ndalama ya inspection, musalembe uthenga wovomera kulakwa musanalankhule ndi a inshuwalansi.

Bambo wa ku Fort Worth: Mphwanga, ine ndakhala pa ntchito imeneyi nthawi yaitali kuposa iwe, ndipo mayiwa akuuza zoona. Ndiwonjezere za kumunda.

Dothi la kuno ku Dallas ndi Fort Worth ndi makande enieni, ngati aja a kumudzi amene amang'ambika m'chilimwe mpaka phazi kulowa. Mvula ikagwa limafufuma, dzuwa la Ogasiti likawomba limanyala, ndipo nyumba ya slab, yomangidwa pa konkire yoyalidwa pansi, imayenda nalo. Nyumba imene unaiona ili bwino chaka chatha itha kung'ambika chaka chino popanda iwe kulakwitsa kalikonse. Koma kusalakwa sikuletsa munthu kukusumira. Ine zinandichitikira pa nkhani ya maziko yomweyi. Ndinapambana, koma nkhaniyo inatenga chaka ndi miyezi, ndipo ndalama zimene zinapita kwa maloya zinaposa zimene mwininyumba ankafuna. Ndiye funsa funso ili kwa makampani onse awiri: ndalama za loya zimachotsedwa pa malire anga kapena zili padera? Ngati zimachotsedwa pa 100,000 yomweyo, loya akamadya, yolipirira mlandu ikuchepa. Ufunsenso ngati deductible, ndalama yoyamba imene imachokera m'thumba lako, umalipira ngakhale utapambana. Kwa ine zinali choncho, ndipo ndinadziwa kalata itafika kale.

Chimene chinandipulumutsa ndi zinthu ziwiri. Zithunzi zambirimbiri zokhala ndi tsiku, ndi mgwirizano umene kasitomala anasaina ndisanatsitse makwerero pagalimoto. Makampani ena sakuteteza ngati mgwirizanowo unasainidwa ntchito itatha kapena sunasainidwe n'komwe. Mayi a ku Garland anasaina liti? Kafufuze usiku uno.

Uonenso tsamba la zimene salipira. Nkhungu ya m'makoma, chiswe, dziwe losambira, septic, drone, zambiri mwa izi amazichotsa pokhapokha utaziwonjezera. Za chiswe samala kwambiri, lipoti lake kuno limafuna laisensi ya ku Texas Department of Agriculture, ya TREC siikwanira. Ndipo E&O ndi yosiyana ndi general liability. Ukaponda molakwika m'denga phazi n'kuboola siling'i, kapena ukaiwala madzi akutuluka m'bafa n'kunyowetsa nyumba ya eni, imeneyo ndi general liability. Tenga zonse ziwiri.

Wa ku Johannesburg: Ine ndimaona ngati mukuvutika ndi zambiri. Si paja ku America mukalembetsa bizinesi ngati kampani ya LLC katundu wanu wapanyumba sakhudzidwa? Ndiye mungolemba mumgwirizano kuti mukalakwitsa mudzabweza ndalama ya inspection yokha, nkhani yatha.

Bambo wa ku Fort Worth: Ayi achimwene, musamusocheretse. LLC imathandiza pa ngongole za bizinesi, koma amene anakwera padenga ndi kusaina lipoti ndi iyeyo, laisensi ili m'dzina lake, ndipo atha kusumiridwa iye mwini. Ndime yobweza ndalama ya inspection yokha ndi yabwino kukhala nayo, inenso ndili nayo, koma amene amagamula ngati igwire ntchito ndi khoti, ndipo kuti ukafike pouza woweruza zimenezo wayamba kale kulipira loya. Kumbukiraninso kuti ku Texas munthu ali ndi zaka 2 zosumira pa mlandu wa kusasamala ndi zaka 4 pa kuphwanya mgwirizano. Miyezi 14 ija ili mkati mwenimweni.

Wofunsa: Akuluakulu, ndathokoza. Ndafufuza, mgwirizano mayi aja anasaina pa intaneti madzulo a tsiku loti mawa lake ndikayendere nyumbayo, ndipo zithunzi za njerwa zija ndili nazo 11. Imelo yopita ku kampani yanga ndailemba, ndaikamo lipoti, mgwirizano ndi tsiku limene anaimba, ndiitumiza m'mawa. Atsopano aja ndawapempha mtengo wina wokhala ndi tsiku langa lakale, ndawafunsanso za ndalama za loya.

Mayi a ku Houston, chatsala chimodzi. Pepala langa lakale lili ndi ndime yakuti akafuna kuthetsa mlandu mwa kulipira ine n'kukana, zotsatira zake zina zidzakhala zanga. Ngati lipoti langa linanena kale za injiniya, angandikakamize kuvomera kulipira?

Mayi wa ku Houston: Imeneyo timaitcha hammer clause, ndipo mawu ake amasiyana kampani ndi kampani. Ena ukakana amangolipira mpaka pa ndalama imene akanathetsera mlanduwo, zotsalazo n'zako, ena mumagawana. Jambulani ndimeyo, mubise dzina lanu ndi nambala ya policy, muiike pano ndiione madzulo ndikaweruka.