GCC kapena Clang: ndidalire iti pa pulogalamu yoti igwire ntchito zaka 15?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndinasiyiridwa pulogalamu ya C yoyendetsa timakina toyeza madzi m'matanki, ndipo amene anailemba anachoka pantchito kalekale. Zaka zonsezi imamangidwa bwinobwino ndi GCC, compiler (pulogalamu yosandutsa khodi kukhala zimene makina amamva). Sabata yatha ndaika GCC 14 pa kompyuta yatsopano, kungolemba make, ma error mbwee! Ma function oitanidwa asanalengezedwe, amene kale compiler inkangochenjeza n'kudutsa, pano ikuwakaniratu. Nditakonza zimenezo, linker nayo yayamba kudandaula za "multiple definition", chifukwa kuyambira GCC 10 pamakhala -fno-common, ndipo mkulu uja anaika ma variable mu header opanda extern. Masiku atatu osagona.

Mnzanga akuti ndisamukire ku compiler ina yotchedwa Clang. Ndayesa, nayonso ikukana ma function aja (inayamba mu Clang 16, GCC isanatero), kungoti uthenga wake umaloza penipeni pavuto.

Chikundizunguza mutu n'choti makinawa akhalapo zaka 15 zikubwerazi. GCC ilipo kuyambira 1987, ndipo inapulumuka ngakhale pamene gulu lina la oikonza, la EGCS, linapatuka mu 1997 n'kudzatenga ulamuliro mu 1999. LLVM, yomwe ndi maziko a Clang, ndi yadzana, inayambira ku University of Illinois mu 2000, koma Apple ndi Google akuikankha mwamphamvu, FreeBSD 10 inaitenga, ndipo Android NDK inachotsa GCC mu 2018. Komatu makampani sachedwa kutembenuka. Ndigwire iti?

Yankho: Achimwene, musasankhe imodzi. Khodiyo izimangika ndi zonse ziwiri, monga imachitira Linux kernel. Ina ikakana chimene inzake yalola, kawirikawiri mwapeza bug yanu. Komanso lembani -std= (yosankhira mtundu wa C) mu Makefile, chifukwa GCC 15 yasinthira ku C23, yomwe ili kale ndi bool yakeyake; ngati mkulu wanuyo anadzipangira bool yake, mudzaliranso.

Yankho: Chip yake ndi iti? Ngati ndi ARM zonse zikuthandizani, koma pa ma chip ena akale Clang kulibeko. Ine ndimasunga compiler yomwe ndinamangira firmware mu Docker image (phukusi losunga pulogalamu ndi zonse zoiyendetsera), pamodzi ndi khodi yake.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Ndi ARM Cortex-M3. Ndayang'ana, typedef ya bool ilipodi pa mzere wachitatu wa header. Nanga Docker image ndiisunge kuti kuti isadzasowe?