Pepala langa ndilitumize ku Africa Journal of Management kapena ndiyesenso kunja?

MphunzitsiWakuZomba:
Akuluakulu, ndipatseniko nzeru. Ndamaliza pepala lofotokoza momwe ma SACCO a aphunzitsi amasankhira atsogoleri awo, ndipo ndikulifuna pa fomu yopempha kukwezedwa pantchito. Ndidaliponya ku journal ina ya ku America, mkonzi adalibweza osalipereka n'komwe kwa ounika, ati za ku Malawi owerenga ake siziwakhudza. Tsopano ndikuganiza za Africa Journal of Management, koma mnzanga wa mu ofesi akuti ndi yakhanda, palibe amene adzanditchule. Kodi ili ndi mphamvu?

Dokotala_Gaborone:
Achimwene, yakhanda inde, idayamba mu 2015. Koma onani eni ake. Ndi ya Africa Academy of Management, bungwe limene Pulofesa Stella Nkomo adalitsogolera poyamba, mkonzi woyamba adali Pulofesa Moses Kiggundu wa ku Carleton University, ndipo osindikiza ndi Taylor & Francis. Imatuluka kanayi pachaka. Chimene ine ndimaikondera n'chakuti simutha theka la pepala mukupepesa kuti n'chifukwa chiyani mwalemba za Africa. Ounika ake SACCO amaidziwa, ndiye mafunso awo amalasa pa mfundo zanu zenizeni. Musaganize kuti n'zophweka, amalibweza pepala lili lofiira.

MayiWaMabuku:
Mnzanuyo mumuuze za Asia Pacific Journal of Management. Idayamba mu 1983 ku National University of Singapore, ndipo padapita zaka zoposa 20 isanalowe m'kaundula wa SSCI, mndandanda wa ma journal odziwika padziko lonse pa maphunziro a za anthu. Lero amene akulemba za makampani a ku China ndi mabizinesi a mabanja ku Asia saithawa. Idakula chifukwa akatswiri a kumeneko adaipatsa mapepala awo abwino, osati okhawo amene akanidwa kwina. Ife vuto lathu n'lomwelo: zonona timatumiza ku London, journal yathu tiipatsa makombo, kenako n'kumadandaula kuti siikukula.

Dokotala_Gaborone:
Amayi, pamenepo mwamulasanso mwini funso, poti naye adayamba ku America!

Kalaliki77:
Zokonda Africa n'zabwino, koma komiti yokweza anthu imawerenga ndondomeko yake basi. Pitani kwa a Dean mukaone ngati akufuna journal za mu Scopus (kaundula wina wa ma journal odziwika) kapena ali ndi mndandanda wawo, musanatumize. Chenjeraninso ndi maina. Journal zachinyengo zokhala ndi mawu akuti African ndi Management zilipo zambiri, zimakutumizirani imelo yokutamandani, kulandira pepala sabata yomweyo, kenako n'kufuna madola. Tumizani kudzera pa tsamba la Taylor & Francis lenilenilo.